Ufa Umene Ndinabwera Nawo ku Joni

Kuno ku Nkhata Bay anthu akafuna kundisonyeza kwa mlendo saloza ndi chala, amaloza ndi milomo. Ndimawaona ndithu. Ndikadutsa pamsika, amayi ena ogulitsa usipa amakoka nsalu kuvindikira lichero ngati kukubwera mvula. Poyamba zinkandipsetsa mtima, koma pano ndimangodutsa. Chimene ndikufuna n'chakuti ndifotokoze ndekha mmene zinayendera, chifukwa nkhani yanga yadutsa m'kamwa mwambiri ndipo inamera nyanga kalekale.

Kwathu kuno mwamuna kupita ku Joni si nkhani. Agogo anagwira m'migodi, bambo anakaphika m'nyumba za azungu, ine ndinangoponda m'mapazi awo. Tinabadwa amuna awiri, ine ndi akulu anga a Yotamu, amene panthawiyo anali mphunzitsi wa pulayimale. Tsiku lonyamuka ndi iwo amene anandinyamulira chikwama mpaka pokwerera minibasi za ku Mzuzu. Anandigulira phava la nthochi, nandiuza kuti ndisakatchone ngati ena. Minibasi ikuliza injini anaweramira pazenera n'kunena kuti munda wa malemu bambo andisungira, tidzagawana pakati ndikadzabwera. Ndinawakhulupirira, ndipo ndikudziwa kuti tsiku limenelo nawonso ankanena zochokera pansi pa mtima.

Ku Joni kwenikweniko sindinafike. Lole inatitsitsa pafamu ina ya ndiwo zamasamba chakumpoto kwa dzikolo, kumene kabichi anayala mpaka polekezera maso. Tinkagona m'chinyumba chamalata chotentha ngati uvuni masana, chozizira ngati mtsuko m'mamawa. Munali Amalawi, a ku Zimbabwe ndi a ku Mozambiki, aliyense ndi katundu wake kumutu kwa mphasa. Zikalata ndinalibe, choncho galimoto yachilendo ikalowa pageti ndinkagona chafufumimba pakati pa mizere mpaka itapita.

Zaka zoyamba ntchito yanga inali yopopera poizoni. Ankanunkha ngati palafini wosakaniza ndi mazira oola. Ukapopera, mbozi zinkagwa pomwepo, zikuphiriphitha, ndipo mawa lake tinkatola njuchi, achule ndi timbalame m'ngalande. Ife eni ake mutu unkawawa mpaka Lamlungu. Amene anandiphunzitsa kusenza sipuleya kumsana anali mkulu wina wa ku Angonia, dzina lake Fulansisiko, wolankhula Chichewa chonga cha ku Dedza. Poizoniyo anali atamudya kale: manja ake ankanjenjemera moti tiyi ankathira theka la kapu kuti asatayike. Sankandipatsa mpata.

"Mtonga iwe, kopopera mankhwala komwe wasita malaya? Ukufunsira kabichi?"

"Umphawi si uve, madala," ndinkatero.

"Ayi, pitiriza. Mbozi zidzife zikuona bwana."

Ndinkamukonda mkulu ameneyu kuposa mmene ndinamuuzira. Nditadwala malungo ndi iye amene ankandiphikira phala, n'kumandibisa kwa kapitawo.

Kenako ogula a kunja anayamba kukana ndiwo za poizoni, ndipo famu inasintha. Kapitawo anabwera ndi ufa wotuwa, wosanunkha kanthu. Anatisonkhanitsa pamthunzi n'kufotokoza kuti muufamo muli mabakiteriya, tizilombo ta m'dothi tosaoneka ndi maso. Mbozi ikadya tsamba lopoperedwa, timaiwononga m'mimba, imasiya kudya, kenako imafa. Koma munthu, mbalame ndi njuchi sizimva kanthu. Anatapa ndi chala n'kunyambita ife tikuona. Malamulo ake anali akuti tizipopera dzuwa litapendeka chifukwa dzuwa lamphamvu limapha tizilomboto, tizipopera mbozi zikadali zazing'ono, ndipo sabata ina tizisinthana ndi madzi a masamba a nimu.

Munda woyamba umene tinapopera unali utagwidwa koopsa. Amene sanalimepo kabichi wambiri sangakhulupirire, koma mbozi zikachuluka zimamveka. Ukaima chete umamva kaphokoso kopyapyala ngati mvula yowaza pa denga la udzu. Mawa lake m'mawa ine ndi Fulansisiko tinalowa m'mundamo, ndipo tisanayende n'komwe anandigwira mkono.

"Tamvera."

Munali zii. Ndinaganiza kuti zagwa pansi monga mwa masiku onse, koma nditatembenuza tsamba ndinazipeza zonse zili pamalo pake. Zinali zamoyo. Ukaikhudza ndi kaudzu inkatembenuza mutu pang'onopang'ono, n'kubwereranso mmene inalili. Tsamba lanthete lili pakamwa pake penipeni, koma osaluma. Mzere uliwonse zinali choncho, munda wonsewo, zikwi za timoyo titangokhala duu. Thupi langa linachita tsembwe dzuwa likuswa. Fulansisiko anavula chipewa.

"Poizoni uja anali ndi chisoni," anatero. "Iyi ndi imfa ya njala chakudya uli nacho pakamwa."

Tsiku lachitatu zinali zitada bii, zina zikulendewera kumasamba ngati ulusi wonyowa. M'ngalande munalibe chule wakufa ngakhale mmodzi, ndipo mutu wanga unasiya kuwawa. Ndinazindikira kuti mankhwala amenewa ndi abwino, ndipo mpaka lero ndimanena choncho. Koma kuyambira pamenepo Fulansisiko anayamba kulankhula ndi mbozi akamapopera, kuzipepesa motsitsa mawu m'Chichewa chosakaniza ndi Chipwitikizi. Ankatolanso zakufa zija m'botolo, n'kuzinyenya m'madzi kukawaza kadimba kake ka kuseri kwa chinyumba chathu, akuti nthendayo imakhala ikadali m'matupi mwake ndiye si bwino kuitaya. Ndinkamuseka, koma ukayenda ndi munthu zaka zambiri umatengera mayendedwe ake. Ndinangozindikira nanenso ndikung'ung'udza ndekha pakati pa mizere.

Manja ake atafika polephera kugwira chogwirira cha sipuleya, anamuuza kuti akapume kwawo. Ndinamunyamulira thumba mpaka kumsewu. Sindinamvenso za iye.

Kumudzi ndinkatumiza zimene ndikanatha: njinga, wailesi, mabulangete, malata a nyumba ya amayi. Koma amayi anamwalira ine ndili komweko. Uthenga unandipeza pafoni ndili pakati pa kabichi, ndipo popeza ndinalibe zikalata ndinaopa kuti ndikatuluka sindidzalowanso. Ndinalira ndekha n'kupitiriza kupopera. A Yotamu anaika maliro okha.

Thupi litayamba kutopa ndinaganiza zobwerera. Potsanzikana, kapitawo anandipatsa paketi ya ufa uja kuti ndikayesere kwathu. Anzanga anandichenjeza kuti pachipata cha dziko amalanda mankhwala a kumunda, choncho ndinaukhuthulira m'chitini cha mkaka, paketi yokhala ndi malemba onse n'kuiponya pamoto. Ndinadziona wochenjera kwambiri tsiku limenelo.

Ndinapeza a Yotamu atapuma pantchito, ali ndi imvi, ali mkulu wa mpingo. Akazi awo, alamu anga anyaManda, ankagulitsa masamba pamsika. Anandilandira bwino koma mozizira, monga mmene umalandirira mlendo wa mnzako. Ndinaona kuti akulu anga akudya mochedwa, mbamu iliyonse akuitsatiza ndi madzi, koma ndinangoti ndi ukalamba. Patapita sabata zingapo ndinafunsa za munda wa bambo, umene uli kumtunda mukapatuka panjira ya ku Chikale. Kumtunda kwake kunali chinangwa, kumunsi kwake chimanga.

"Amene anaika amayi m'manda ndi amene alime mundawo," anatero a Yotamu osandiyang'ana.

Magazi anandikwera. Tinakangana pakhonde mpaka oyandikana nawo anatuluka ngati akukaanula zovala. Ine ndili ndi mtima wapachala, ndimavomera. Pochoka ndinatembenuka n'kunena kuti, "Chabwino, muona." Ndinkatanthauza za kubwalo la milandu, kapena mwina sindinkatanthauza chilichonse. Koma mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti mawu amenewo sauzidwa munthu, chifukwa chikamugwera chilichonse anthu amakumbukira amene anawanena. Ndinali nditakhalitsa kunja.

Mvula itagwa, chimanga chitafika m'maondo, kunabwera ntchemberezandonda. Zinalowa kunsonga kwa chimanga, momwe mumatuluka masamba atsopano, n'kumasiya ndowe zonga utuchi. Anthu anayesa zonse. Ena ankathira phulusa ndi mchenga, ena madzi a sopo, ena ankasinja masamba a mtetezga, chitsamba chija chophera nsomba. AnyaManda ankawiritsa usipa n'kumathira msuzi wake kunsonga kuti uitane nyerere zidzadye mbozizo. Zinkathandiza pang'ono, koma masamba ankang'ambikabe.

Ndinafuna kukonza ubale, komanso, ndisaname, ndinafuna kuti aone kuti mtchona uja wabwera ndi nzeru. Sindinauze munthu. Ndinabwereka sipuleya, ndinasungunula ufa wanga, ndipo dzuwa litapendeka ndinakwera ndekha kumunda kwa akulu anga. Ndinathira phesi lililonse kunsonga, ndikung'ung'udza monga mwa chizolowezi. Patapita masiku atatu ndinabwereranso ndi botolo ndi kamtondo kuti nditole zakufa, popeza ufa unali wochepa ndipo ndinafuna kuutalikitsa. Ndili chogwada, ndikusinja timitembo takudato, ndinamva kuti wina akundiyang'ana. Anali anyaManda, ataima kumalire kwa chinangwa, poto wa msuzi wa usipa ali m'manja.

"Alamu, mukuchita chiyani m'munda mwathu?"

"Ndikukuthandizani. Ndinapopera mankhwala a ku Joni."

"Ndinaziona dzana. Zinali zamoyo koma sizimadya." Anayang'ana m'kamtondomo. "Mwazichita chiyani pakamwa?"

"Ndi nthenda chabe ya m'mimba mwake. Kwa munthu ilibe vuto."

"Nanga mumalankhula ndi ndani?"

Ndinaseka, chifukwa ndinalibe yankho losamveka ngati misala. Iwo sanaseke. Anatsanulira msuzi wawo pansi n'kutsika phiri osacheuka.

Chimanga chinachira. Ndinabwereza ndi madzi a nimu, ndipo pamene minda yoyandikana inali sanza zokhazokha, wa a Yotamu unali wobiriwira. Anthu ankaima panjira kuuyang'ana. Palibe anandithokoza, palibenso anandifunsa kuti ndikawapoperere.

Chimanga chitakhwima, a Yotamu anaotcha choyamba, ndipo njere zinawaima pakhosi. Anatsokomola mpaka misozi. Sabata yotsatira kondowole, nsima yathu ya chinangwa, anakana kutsika. Kenako mpunga, kenako nthochi yakupsa. Kuchipatala cha pa boma anawatumiza ku Mzuzu, ndipo kumeneko anawaunika n'kupeza chotupa pammero. Anati ndi khansa, inayamba kalekale ndipo yakula kwambiri. Ine ndinakumbukira madzi aja otsatiza mbamu iliyonse, ndinakumbutsanso alamu anga. Anati iwo sanaonepo zimenezo. Chimene mudzi wonse unkakumbukira chinali chakuti ndinati muona, ndinakwera ndekha kumunda, mbozi zinasiya kudya, ndipo tsopano mwini munda wasiya kudya.

Asibweni athu, mlongo wawo wa malemu amayi, anaitanitsa abale pakhonde lomwe lija. Ananditumiza kukatenga chitini. Anachitembenuza uku ndi uku, nawerenga mokweza malemba a mkaka.

"Mankhwala a boma amakhala ndi pepala lake, mphwanga. Awa pepala lawo lili kuti?"

Ndinafotokoza za pachipata. Ndinafotokoza za mabakiteriya mpaka kukhosi kunauma. Ndinali nditapitanso kwa alangizi a zaulimi, ndipo anavomera kuti mankhwala otero alipodi, koma anati popanda paketi sanganene chimene chili m'chitini changa. Nditaona kuti mawu atha, ndinatapa ufa wodzaza supuni, ndinauika m'kamwa, n'kumeza ndi madzi onse akuona. Ndinayembekeza kuti nkhope zawo zimasuka. M'malo mwake amayi awiri anasuntha mphasa yawo.

"Mankhwala amadziwa mwini wake," anatero asibweni motsitsa mawu.

Chimene ankafuna ndinkachidziwa. Kwathu kuno munthu akadwala chifukwa cha mkwiyo wa mbale wake, mbaleyo amamwa madzi, n'kuwalavula pansi pamaso pa anthu, akunena kuti wamasula. Koma ukachita zimenezo wavomera kuti unamanga. Dzina la mfiti silichoka, limatsikira mpaka kwa ana ako. Ndinakana. Ndinati sindingavomere chimene sindinachite, ndipo ndinanyamula chitini changa n'kuchoka. Ndinkadalira a Yotamu. Munthu amene anaphunzitsa ana sayansi moyo wake wonse, amene ankadzudzula paguwa anthu opita kwa asing'anga, sakanakhulupirira zoterezi.

Panapita sabata zitatu. Ndinkamva kwa anthu kuti tsopano ngakhale madzi akubwerera. M'mawa wina anyaManda anafika pakhomo panga, anaima patali, nanena kuti akulu anga akundiitana.

Anali atawagoneka pamatiresi pabalaza kuti azipitidwa mphepo. Sindinawazindikire. Munthu wamtali uja anali mafupa okhaokha, maso atalowa, kabeseni kolavulira malovu kali pambali. Asibweni anali pampando pakona. Pawindo panali mbale ya phala lamadzimadzi, yovindikira, imene ankaiphika m'mawa uliwonse n'kukaitaya madzulo. Ndinagwada pafupi kuti ndimve, chifukwa mawu awo anali ngati a munthu wolankhulira m'chipinda china.

"Mng'ono wanga, za munda ndinakulakwira."

"Zisiyeni zimenezo, akulu."

"Ndinakwiya chifukwa cha amayi. Ankakufunsa mpaka tsiku lomaliza." Anapuma kaye. "Zimene ananena dokotala ndinazimva. Chizungu chake ndinachimva chonse, ndinaonanso chithunzi. Ndikudziwa chimene chili pakhosi panga."

Mtima wanga unatsika. Ndinawagwira dzanja, ndikuti tsopano anena pamaso pa onse kuti ndilibe mlandu.

"Ndikudziwa," anabwereza. "Koma ndili ndi njala. Ndimamva fungo la chakudya cha nyumba zonse za m'mudzi muno. Ndimasule."

Ndinayang'ana alamu anga, ndinayang'ana asibweni. Onse anali atazolika. Ndinafuna kukuwa kuti inunso, aphunzitsi, inunso? Koma dzanja limene ndinagwiralo linali lopepuka ngati chitsononkho, ndipo ndi lomwe linandiphunzitsa kugwira pensulo. Ndinaganiza kuti palibe chimene chichitike, phala libwerera monga mwa masiku onse, koma adzapita akudziwa kuti mng'ono wawo sanawamane kanthu. Dzina langa ndinaliyeza ndi njala yawo, ndipo linapepuka.

Ndinapempha madzi. AnyaManda anabwera nawo m'kapu yachitsulo. Ndinamwa, ndinawasunga m'kamwa, ndinawalavula pasimenti pafupi ndi mapazi awo.

"Ngati mtima wanga unakumangani, akulu, ndamasula."

AnyaManda anavundukula phala, anawadzutsa pang'ono powatsamiritsa pachifuwa chawo, n'kuwapatsa theka la supuni. Tonse tinayang'ana pakhosi pawo. Asibweni anali atasendeza kale kabeseni.

Phala linatsika.

Ndinaliona ndi maso angawa likudutsa. Anawapatsa supuni yachiwiri, inatsika. Yachitatu inatsika. Alamu anga anayamba kulira mopanda mawu. Pambuyo pake namwino wina anandiuza kuti zimachitika ndithu, chotupa chikamaola pakati chimatsegula kanjira kwa masiku ochepa. Ndimamukhulupirira. Koma m'mawa umenewo ndinazizidwa mpaka m'mafupa, ndipo ndinayang'ana madzi aja pasimenti ngati alavulidwa ndi munthu wina.

A Yotamu ananyambita milomo. Ananditembenukira, misozi ikutsikira m'makutu. Munalibe mkwiyo m'maso mwawo, munali kudabwa kokha.

"Nanga masiku onsewa unkadikira chiyani?"

Anamwa phala masiku anayi, kenako khosi linatsekanso, ndipo anamwalira sabata ziwiri zisanathe. Pamaliro anandiyalira mphasa yangayanga. Titasesa, asibweni analengeza kuti munda wonse wa bambo ndi wanga, kumtunda ndi kumunsi komwe, ndipo palibe anatsutsa. AnyaManda anatenga ana n'kubwerera kwawo ku Chintheche, osanyamula ngakhale mbewu.

Ndimalima mundawo. Ufa uja unatha, tsopano ndimagwiritsa nimu ndi mtetezga, ndipo chimanga chimabereka bwino. Uli m'mbali mwa njira yodutsa anthu ambiri, ulibe mpanda, koma chiyambire sanandibepo ngakhale chinangwa chimodzi. Chimanga chikakhwima ndimaotcha chambiri pamalire, ndikuitana aliyense wodutsa. Amandipatsa moni mwaulemu, manja onse awiri, n'kunena kuti angodya kumene.